NDEMANGA: Voti yathu tikuigulitsa isanakhwime

Pa maliro ena m'mudzi wina wa kuno kumadzulo kwa Lilongwe, mkulu wolengeza chipepeso anakhalitsa pa maenvulopu awiri kuposa m'mene anakhalira pa mbiri ya malemu. Envulopu yoyamba inachokera kwa phungu, yemwe sanabwere koma anatuma mnyamata wake. Yachiwiri inachokera kwa bambo wina wokhala mumzinda, amene ambirife dzina lake tinalimva koyamba tsiku lomwelo, ndipo wolengezayo anachita kubwereza kawiri kuti bamboyo ndi mwana wa konkuno, mchombo wake unakwiriridwa kutsidya kwa dambo. Amayi a kumaphikiro anangoyang'anizana. Palibe anafunsa chimene bamboyo akufuna, poti aliyense anachidziwa.

Chisankho chapitachi chinachitika pa 16 Sepitembala 2025 ndipo china chachikulu chidzakhalako mu 2030. Kwa mlimi 2030 ndi kutali. Pakatipa pali mvula zingapo, ngongole zingapo ndi mitengo ya feteleza imene sitikuidziwa. Koma kwa iwo ofuna mpando wa ku Nyumba ya Malamulo kampeni inayamba kale, ndipo ikuchitikira pa maliro, pa zinkhoswe, pa zopereka za ku tchalitchi ndi pa zikho za mpira wa achinyamata. Iwo asosa munda wawo nthawi yabwino. Ife eni mavoti timadzuka kutatsala miyezi iwiri, zimkuzamawu zitayamba kale kusokosera pa Namitete ndi pa Kabudula, pamene palibenso amene angamve mnzake. N'chifukwa chake nkhani ya chisankho cha aphungu taibweretsa lero, kukadali bata.

Tikamayendera makalabu athu kuyambira ku Mpingu mpaka ku Nambuma timamva mawu amodzimodzi. Akuluakulu amati kuno n'kwa tambala wakuda, ndipo ngakhale chipani chitaimika chitsa, chitsacho chidzapambana. Achinyamata amati andale onse ndi amodzi, chofunika n'kudya zawo akabwera nazo. Amayi ambiri amati phungu weniweni ndi amene amaoneka pa mavuto, wogula bokosi ndi kutumiza galimoto wodwala akafooka usiku. Sitikuseka aliyense mwa anthuwa, chifukwa ndi makolo athu, ndi ana athu, ndipo nthawi zina ndife tomwe. Maganizo onsewa ali ndi kochokera kwake. Chotidandaulitsa n'choti onse amathera malo amodzi: voti ya mlimi imachoka m'manja mwake iye asanatchule mtengo.

Tiyambe ndi tambala. Chikondi cha dera lino pa chipani cha Malawi Congress sichinagwe kumwamba. Amene anali akuluakulu m'zaka za m'ma 1970 amakumbukira pulojekiti ya Lilongwe Land Development Programme, imene inayamba mu 1968 ndi ngongole ya World Bank. Inalambula misewu ya m'midzi, inakumba mijigo ndi ngalande zoteteza nthaka, inamanga misika ndi nyumba za alangizi, ndipo inalembetsa minda ya mabanja m'dongosolo lija timati ndunda. ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971, inali ndi sikelo pafupi ndi mudzi, ndipo feteleza ankabwera pa ngongole kudzera mu kalabu. Munthu amene anaona zimenezi ndi maso ake sungamuuze kuti aiwale. Koma tisabisenso mbali inayo. Nthawi yomweyo mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale, yemwe anali wa eni maesiteti mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mtengo umene ADMARC inkagulira mbewu zathu unali wotsika, phindu n'kumakagwira ntchito kwina, ndipo pakhomo la msika ankayamba akufunsa kadi ya chipani. Zokoma ndi zowawazo zonse ndi mbiri yathu.

Kukonda chipani si mlandu, ndipo bungwe lino silidzauza membala wake aliyense kuti asiye chipani chake. Chimene tikunena n'chimene mlimi aliyense amachidziwa kale pa malonda. Venda akadziwa kuti mulibe kwina kogulitsa soya wanu, sakunyengererani. Amakhala pansi pa mtengo ndi sikelo yake n'kumadikira, podziwa kuti dzuwa likapendeka mubwera nokha. Ndi mmenenso ndale zimayendera. Chipani chimene chikudziwa kuti mudzachivotera zivute zitani chimapititsa mphamvu zake kumadera kumene kuli mpikisano. Chipani chimene chikudziwa kuti simudzachivotera sichitaya mafuta kubwera kwanu. Mlimi wa voti yodziwikiratu amatsala pakati, woiwalidwa mbali zonse.

Ndiponso kudera ngati kwathu kuno, chisankho chenicheni cha phungu nthawi zambiri chimathera pa zisankho zachipulula, pa bwalo la sukulu, pamene nthumwi za chipani zimandanda kumbuyo kwa munthu amene zikumufuna. Pamzere pamenepo palibe chinsinsi. Amene anakupatsa kangachepe dzulo akukuona pamene waima. Mndandanda wa nthumwi nawo umakhala ndi mikangano yosatha, ndipo ogonja ambiri amakaima paokha. Mu 2014 aphungu 52 mwa 193 analowa m'Nyumba ya Malamulo ngati oima paokha, mu 2019 anakwana 55. Ambiri mwa iwo sanali anthu opanda chipani ayi, anali ana a zipani zomwezo amene anaona kuti aberedwa pa chipulula. Mlimi amene ndi membala wa chipani koma sapita nawo ku misonkhano yosankha makomiti a m'dera, adziwe kuti ena akumusankhira phungu iye ali kudimba.

Komatu si zoona kuti anthu a chigawo chapakati sasuntha. Mu 2009, pamene makuponi a feteleza anali atadzaza nkhokwe kwa zaka zingapo, Bingu wa Mutharika anapambana ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse, ndipo Kongeresi inatsika kuchoka pa mipando yoposa 50 ya mu 2004 kufika pa yosakwana 30. Mipando ina imene inagwa inali ya m'chigawo chino chomwe. Chimene chinasuntha anthu chinali thumba la feteleza, ndipo andale onse anaphunzirapo phunziro limene sanaliiwale mpaka lero.

Taonani m'mene mtengo wa thumbalo wakhala ukuyendera limodzi ndi kalendala ya zisankho. Sitata Paki inayamba mu 1998, kutatsala chaka kuti kukhale chisankho cha 1999. Makuponi anayamba mu 2005 pa K950 thumba, anatsika kufika K800 m'nyengo yolowera chisankho cha 2009, kenako K500 chisankho chitatha. Mu 2020 ndondomeko ya AIP inabwera ndi lonjezo la K4,495 ndipo chaka choyamba inafikira mabanja oposa 3 miliyoni. Chaka chotsatira thumba linali K7,500, kenako K15,000, ndipo pofika nyengo ya 2024/25 opindula anali atatsika kufika cha m'ma 1.1 miliyoni, uku m'masitolo thumba lomwelo litadutsa K100,000. Mu 2025 boma linasintha ndipo dzina lakale la FISP linabwerera. Maina asintha kangapo, koma funso la mlimi likadali lija: kodi dzina langa lilimo, ndipo feteleza afika mvula isanagwe?

Enafe tisanalowe ntchito ya bungwe lino tinali alangizi a zaulimi, ndipo kaundula wa opindula tinamugwira ndi manja athu. Umafika m'mudzi wa mabanja ambirimbiri uli ndi maina ochepa. Mfumu ikuyang'ana iwe, iwe ukuyang'ana pansi. Mapeto ake anthu amagwirizana okha zogawana, thumba limodzi mabanja atatu kapena anayi, kuyeza ndi chigoba, aliyense n'kupeza kothira mizere ingapo chabe. Chaka china feteleza wobereketsa amayamba kufika wokulitsa kulibe. Chaka china onse amafika mu Januwale chimanga chitayamba kale chikasu. Ndiye tsiku limene lole yafika pa depoti, galimoto ya phungu nayo imatulukira, amayi n'kuyamba nyimbo yothokoza. Zinkatiwawa, chifukwa tinkadziwa kuti fetelezayo sanachoke m'thumba mwa phungu. Anagulidwa ndi msonkho umene tonse timalipira tikagula sopo, mayunitsi a foni ndi mafuta a njinga yamoto, kuphatikizapo thandizo ndi ngongole zimene ana athu adzabweze. Chimene phungu akanachita, ndipo ndicho tinamutuma, ndi kufunsa m'Nyumba ya Malamulo chifukwa chimene lole ikufika mu Januwale m'malo mwa Okutobala.

Kuyambira 2020 mpaka 2025 dera lino linali ndi zonse zimene wovota wokhulupirika angalakelake. Mtsogoleri wa dziko anali mwana wa konkuno, Dr Lazarus Chakwera wa ku Malembo, yemwe kuyambira 2014 anali phungu wa dera la kumpoto chakumadzulo kwa Lilongwe. Nduna yoyamba ya zaulimi m'boma lake, a Lobin Lowe, inalinso phungu wa m'boma lino. Tinene chilungamo, zaka zimenezo zinali zovuta kwa aliyense amene akanalamulira. Nkhondo ya ku Ukraine inakweza feteleza pa dziko lonse mu 2022, namondwe Freddy anasakaza kummwera mu 2023, ndipo ng'amba ya 2024 inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Koma zina sizinali za nyengo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu 2022 momwemo ADMARC inatsekedwa kuti ikonzedwenso, antchito ake n'kuchotsedwa, alimi n'kutsala m'manja mwa mavenda. Chaka chomwecho kunamveka kuti ndalama zokwana K750 miliyoni zogulira feteleza zinaperekedwa ku kampani ya ku Britain yodziwika ndi malonda a nyama, ndipo nduna inachotsedwa mu Okutobala. Mtengo wa thumba pa Nsaru sunafunse kuti munavotera ndani. Ndi aphungu angati a madera athu ano amene anaimirira kufunsa mafunso owawa pa zimenezi? Ambirife sitingayankhe, ndipo cholakwa chathu chagona pamenepo, chifukwa ifenso sitinawafunse. Tinkaona ngati kufunsa wakwathu ndi kumuchititsa manyazi pamaso pa alendo.

Tsopano mpando uli ndi ena. Pulofesa Peter Mutharika anapambana mu 2025 ndi mavoti 56.8 pa 100 alionse, Dr Chakwera n'kupeza 33. Tikumva kale anthu ena akunena kuti popeza ambiri kuno tinavotera mbali yogonja, tingokhala chete mpaka 2030, palibe chathu. Maganizo amenewa ndi olakwika ngati oyamba aja. Bajeti ya dziko si ya opambana okha, ndipo phungu wa mbali yotsutsa ndiye alibenso chifukwa choopera kufunsa.

Ntchito ya phungu ambirife sitinaiphunzitsidwe bwino, ndipo ena mwa aphunguwo zimawakomera kuti tisaidziwe. Phungu amapanga malamulo, amavomereza kapena kukana bajeti, ndi kulondola m'mene boma likugwiritsira ntchito ndalamazo. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene linakonzedwanso mu 2022 ndipo likukhudza munda uliwonse wa m'dera lino, linadutsa m'manja mwa aphungu. Lamulo la fodya la 2019, lokhudza ulimi wa mgwirizano ndi makampani, linadutsanso momwemo. Aliyense amene anatumizapo mabelo ku okushoni ku Kanengo n'kuona pepala la malonda litadzaza ndi zodula, mpaka chotsala osakwana kulipira anyamata a ganyu, adziwe kuti nkhani yake ili ndi bwalo lake, ndipo bwalolo ndi Nyumba ya Malamulo. Kumeneko kulinso komiti yoona za ulimi, imene ili ndi mphamvu yoitanitsa akuluakulu a unduna. Kuyambira 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, choncho bajeti imakambidwa mu Febuluwale ndi Malichi, miyezi imene ife tili kalikiliki kusoka fodya ndipo ufa watha m'nyumba. Ndalama za feteleza wa chaka chamawa, za alangizi, za mlatho wa pa dambo ndi zoti ADMARC igulire chimanga zimagamulidwa m'masabata amenewo. Nyumbayo ili mumzinda wa Lilongwe momwemu, kuchokera pa Mpingu ulendo wake si wogonera, koma kwa ambirife ili kutali ngati kunja kwa dziko. China chimene chimaitalikitsa n'choti zokambirana zake zimachitika m'Chingerezi. Kampeni amadzachita m'Chichewa chokoma, ndi miyambi yomwe, koma tsogolo la thumba lathu amakalikamba m'chiyankhulo chimene agogo amene anawavotera sachimva.

Tifike pa nkhani ya bokosi, imene ndi yovuta kuikamba popanda kupweteka mtima wa wina. Munthu amene mwana wake wamwalirira kuchipatala cha St Gabriel ku Namitete kapena ku Kamuzu Central, alibe ya galimoto, alibe ya matabwa, sungamulalikire za ntchito ya phungu. Amene wabwera ndi galimoto tsiku limenelo sadzaiwalika, ndipo ndi umunthu kuti asaiwalike. Koma tiwerenge bwino. Dera limodzi lili ndi midzi mazanamazana, ndipo maliro sasowa tsiku ndi tsiku. Malipiro a phungu ngakhale atakhala ochuluka bwanji sangakwanire mabokosi onse, fizi za ana onse ndi malata a matchalitchi onse. Tsono ndalamazo azitenga kuti? Ena amakongola, ena amagulitsa katundu wawo, ena amayamba kuyang'ana ku makontirakiti a boma ndi ku thumba la chitukuko. Ena amangosintha nambala ya foni n'kusamukira mumzinda, ife n'kumati watithawa. Zaka zisanu zikatha timamugwetsa ndi mkwiyo, n'kuika wina amene wabwera ndi chikwama chatsopano. Mu 2014 aphungu amene anabwerera m'nyumbayo sanakwane mmodzi mwa atatu alionse. Tasintha nkhope zambiri, koma mayeso amene timawalembetsa ndi omwe aja, ndiye n'chifukwa chiyani tikudabwa kuti opambana amafanana? Chipatala chikanakhala ndi ambulansi yoyenda ndi mafuta ake, sitikanagogoda pakhomo pa phungu pakati pa usiku. Ambulansi imeneyo imachokera mu bajeti yomwe ija.

Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa woimira chipani kapena woima payekha kugawa ndalama ndi mphatso pofuna kukopa ovota, ndipo chilango chake chimafika K10 miliyoni ndi zaka zisanu kundende. Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa kampeni mu 2019 kapena mu 2025 akudziwa m'mene lamuloli linalemekezedwera. Kwa achinyamata athu amene amati tidye zawo, tili ndi funso limodzi lokha. K2,000 kapena K5,000 imene mumalandira pa msonkhano, muigawe ndi zaka zisanu, ndiye muone kuti mwagulitsa pa mtengo wanji. Mu Febuluwale venda akabwera kudzagula soya akadali m'munda timamutukwana kuti ndi wakatapila, chikhalirecho iye amatipatsa zochulukirapo kuposa pamenepa. Ena amati timalandira koma m'kachipinda timachonga kumene tikufuna. Zimenezo n'zotheka, voti ndi yachinsinsi ndithu, ndipo palibe foni kapena makina amene angaulule pamene mwachonga. Koma wolandira amataya pakamwa. Tsiku limene mudzapite kukafunsa za mlatho, adzakuyang'anani ngati munthu amene analipidwa kale.

Chida chimene chikanatithandiza anatilanda kalekale. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Mu 1995 aphungu eni ake analifafaniza, ndipo ngakhale lakhala likulonjezedwa pa kampeni zingapo, silinabwerere. Gawo 65, loletsa phungu kudumphira chipani china, lilipo, koma tonse tikukumbukira zimene zinachitika Bingu atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP. Aphungu anakhamukira ku boma, mkangano unakula, ndipo mu 2007 ndi 2008 bajeti inachedwa miyezi, alimi tili m'madzi kudikira makuponi. Choncho tsiku lovota likadutsa, chimene chatsala m'manja mwathu ndi pakamwa pathu, umodzi wathu ndi kukumbukira. Pa zitatuzi chofooka kwambiri ndi kukumbukira.

Palinso thumba la chitukuko cha m'madera, la CDF, limene linayamba mu 2006 ndi ndalama zochepa koma pofika 2024 linali K200 miliyoni pa dera lililonse pa chaka, ndipo pa kampeni ya 2025 chipani cha DPP chinalonjeza K5 biliyoni. Mu Meyi 2025 khoti linagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko kuti aphungu aziyendetsa nawo thumbali, chifukwa munthu sangakhale wogwiritsa ntchito ndalama n'kukhalanso wolondola ndalama zomwezo. Mkangano wa amene agwire chikwamachi ndi wa iwo a ku Lilongwe mumzinda. Kwa ife mfundo ndi yoti ndalamazo ndi za boma, zimadutsa ku khonsolo, ndipo mjigo kapena chipinda cha sukulu chomangidwa ndi CDF si mphatso ya munthu, ngakhale atalembapo dzina lake ndi penti wofiira. Khansala, komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya kwa mfumu yaikulu ali ndi udindo wotiuza kuti zinabwera zingati ndipo zinagula chiyani. Dziko lino linakhala popanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ndipo zikuoneka kuti mpaka pano sitinazolowere kuwagwiritsa ntchito. Madera a aphungu anawonjezedwa kuchoka pa 193 kufika pa 229 chisankho cha 2025 chisanachitike, malire ambiri anasintha, ndipo tapeza mamembala ena amene sadziwa bwino dzina la dera lawo latsopano, kaya la khansala wawo.

Tisamangoloza chala andale. Akuluakulu a makalabu akale amakumbukira m'mene ngongole ya SACA inafera. Kwa zaka zambiri alimi a m'makalabu ankabweza ngongole pafupifupi yonse, ndipo alendo ankabwera kudzaphunzira kwa ife. Kenako kunagwa chilala cha 1992, kunabwera riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, ndipo mawu anayenda m'midzi oti ngongolezo musabweze, boma latsopano lidzakhululuka. Ambiri anasangalala n'kusiya kubweza. SACA inagwa, ndipo ngongole yotsika chiwongoladzanja ngati imene ija sinabwererenso. Amene anafalitsa mawuwo anapeza mavoti awo, otsala opanda feteleza tinali ife. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lonjezo lokoma kwambiri pa kampeni ndi limene tiyenera kulitembenuza kawiri tisanalilandire.

Pali zina ziwiri zoti tichenjezane mwachidule. Chiphaso cha unzika ndicho polembetsera voti, ndichonso pogulira feteleza wotsika mtengo, choncho aliyense wobwera kudzatolera ziphaso kapena kulemba manambala ake m'dzina la thandizo, kaya ndi venda kaya ndi wachipani, mukaneni ndipo mudziwitse komiti ya kalabu. Chachiwiri, mafumu athu timawalemekeza, koma mfumu ilibe mphamvu yochotsa munthu m'kaundula wa feteleza kapena wa chimanga cha thandizo chifukwa cha mtundu wa nsalu imene wavala. Ovutika kwambiri ndi ziopsezo zotere ndi amayi, amenenso ndi ochuluka m'kaundula wa ovota ndiponso m'munda. Pa msonkhano amawaika kutsogolo kuti avine, koma ikafika nthawi ya mafunso maikolofoni imapita kwa abambo.

Nanga bungwe lino lichitapo chiyani? Sitidzaloza chipani kapena munthu woti mumuvotere, ndipo mtsogoleri aliyense wa kalabu kapena wa bungwe amene akufuna kuchita kampeni ayambe watula pansi udindo wake. Chimene tikupempha n'chaching'ono koma chimafuna khama. Kalabu iliyonse ikhale ndi kope limodzi lachikuto cholimba, losiyana ndi la ndalama, losungidwa ndi mlembi. M'kopemo muzilembedwa chiwerengero cha mamembala amene analowa m'kaundula wa feteleza ndi amene anagula ndithu, tsiku limene msika wa ADMARC unatsegulidwa ndi limene ndalama zinatha, mtengo umene mavenda anagulira chimanga, soya ndi mtedza poyerekeza ndi umene unduna unalengeza, komanso kuti mlangizi anafika kangati m'chakacho. Kumapeto kwa kopelo musiye masamba a malonjezo. Aliyense wofuna uphungu kapena ukhansala akalonjeza kanthu pagulu, kaya ndi pa maliro kaya pa mpira, mlembi alembe tsiku, malo, mawu ake ndi maina a mboni ziwiri. Fodya timamusankha tsamba ndi tsamba tisanamange belo, ndipo palibe amene amakhulupirira mutu wake pa makilogalamu. Timalemba.

Kawiri pa chaka makalabu oyandikana azisonkhana n'kuitana phungu ndi khansala: mu Januwale bajeti isanakambidwe, kuti anyamule zofuna zathu, ndi mu Julayi tikakolola, kuti atiuze zimene ananena kumeneko ndi zimene anayankhidwa. Pa misonkhano imeneyi pasakhale nsalu za chipani, pasakhale gule wolandirira alendo, ndipo pasakhale envulopu. Mlendo akafuna kusiya ya zakumwa, wapampando athokoze mwaulemu n'kubweza. Tikudziwa kuti apa ndi pamene pavute, ndipo ena adzatinena kuti ndife odzikuza. Mafunso oyamba azichokera kwa amayi ndi achinyamata. Phungu akalephera kubwera, mpando wake ukhale pomwepo wopanda munthu, msonkhano upitirire, ndipo mlembi alembe kuti anaitanidwa tsiku lakuti ndipo sanafike. Akabwera n'kuyankha bwino, zimenezonso zilembedwe, chifukwa alipo aphungu ndi makhansala olimbikira amene timawagwetsa pamodzi ndi aulesi posowa umboni wa ntchito yawo. Pofika 2030 kalabu iliyonse idzakhala ndi zaka zingapo zolembedwa, ndipo bambo uja wa envulopu yachiwiri akadzabwera poyera kudzapempha voti, adzapeza anthu okhala ndi mafunso amene ali ndi masiku ndi manambala.

Alembi a makalabu a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma akambirane nkhaniyi pa msonkhano wotsatira wa kalabu, ndipo mtengo wa kope uchoke m'thumba la kalabu, osati kwa wandale aliyense. Kumene mlembi ali ndi vuto la kulemba, mwana wa sukulu wa m'banja la membala athandize. Pa tsamba loyamba lembani dzina la dera lanu, la phungu ndi la khansala. Pa lachiwiri lembani tsiku limene thumba loyamba la feteleza wotsika mtengo linafika pa depoti yanu nyengo yapitayi, ndi msinkhu umene chimanga chinali chitafika tsiku limenelo.